Lamulo la zaka 10 likutsekereza apaulendo osauka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za malamulo a m'malo ogona apaulendo kuno ku America, poti Amalawi anzathu ena okhala kuno ayamba kugula magalimoto okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati, amene eni dziko amawatcha ma RV, kuti azionako dziko pa tchuthi popanda kulipira hotelo.

Malamulo ambiri sindikuwatsutsa ngakhale pang'ono. Ku Yellowstone, komwe ndi malo a boma osungirako nyama zakutchire, pamalo otchedwa Fishing Bridge, matenti saloledwa ndipo amalandira magalimoto a makoma olimba okha, chifukwa zimbalangondo zimayendayenda m'deralo. Phokoso limaletsedwa kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, nkhuni zochokera kutali zimakanidwa m'madera ambiri poopa tizilombo toononga mitengo, ndipo pamalo ambiri a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management munthu sapitirira masiku 14 ali pamodzimodzi. Zonsezi munthu amaona yekha chimene zikuteteza.

Chimene chandiwawa ndi lamulo la eni malo ena omwe si a boma, lokana galimoto iliyonse imene yapitirira zaka 10 chiipangireni. Chaka chatha ine, mayi akunyumba ndi ana athu awiri tinayenda tsiku lonse, ndipo titafika pachipata dzuwa litalowa, bambo wa pa ofesi anangofunsa chaka cha galimoto yathu, n'kutiuza kuti tibwerere. Sanatuluke n'komwe kuti aione. Galimotoyo ili ndi zaka 16, koma ndimaisamala ngati mwana: sidontha mafuta, mawaya a magetsi ndi atsopano, thanki ya madzi oipa ndi yolimba. Ndalama anatibwezera, koma usiku umenewo tinagona pamalo omwetsera mafuta, ana akudzidzimuka ndi phokoso la mathiraki.

Eni malowo amati amaopa magalimoto otha ntchito amene amafera pamalo awo, kapena oyambitsa moto chifukwa cha mawaya akale, ndipo nkhawa imeneyi ndi yomveka. Komatu chaka cholembedwa pa pepala sichinena za chisamaliro cha mwini wake. Amene amagula galimoto yakale ndi munthu wa ndalama zochepa, wopuma pantchito kapena mlendo ngati ife, choncho lamuloli limasankha anthu potengera thumba lawo ngakhale silinena choncho poyera.

Pempho langa kwa eni malo ndi lakuti aziyang'ana galimotoyo, ndipo ngati lamulolo salisiya, azilinena munthu asanalipire. Kwa abale amene mukukonzekera ulendo wotere, imbani foni kaye, tchulani chaka cha galimoto yanu, tumizani zithunzi zake chifukwa ena amavomera akaona kuti ndi yosamalidwa, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa musananyamuke.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Colorado