Kwa mwana wanga woyeza thambo

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, ndipo mayi ako akupereka moni. Koma zimene unandiuza pa foni Lamlungu lija zandisowetsa tulo. Unati nambala ya liwiro la kufutukuka kwa chilengedwe imene yatuluka pa kafukufuku wako ikukana kugwirizana ndi imene unkayembekezera, ndipo ukuganiza zochotsamo milalang'amba ingapo imene ikusokoneza. Chonde usachotse, pokhapokha uli ndi chifukwa chimene ungachinene pagulu nkhope ili gwa.

Za thambo ndazidziwira m'mapepala amene umanditumizira, koma kuyeza ndakalamba nako. Ndili mnyamata pa ntchito yoyeza malo, ndinataya muyeso umodzi chifukwa sunkagwirizana ndi inzake. Patapita zaka, mabanja awiri anakokerana kwa amfumu pa malire amene ndinaika ine, ndipo zinapezeka kuti wolondola unali umene ndinatayawo. Mpaka lero zimandipweteka.

Pa ntchito yathu, mzere woyamba ukalakwika, yonse yotsamira pa iwo imalakwika nawo. Kwanunso n'chimodzimodzi. Nyenyezi za Cepheid, zimene Henrietta Leavitt anapeza kuti kaphethiridwe kake kamasonyeza mphamvu ya kuwala kwake, ndi zimene mumayezera mtunda wa ma supernova (nyenyezi zophulika), ndiye ma supernova n'kuyezera milalang'amba yakutali. Mu 1929 Edwin Hubble anapeza liwiro la kufutukuka kwa chilengedwe la pafupifupi makilomita 500 pa sekondi pa megaparsec iliyonse (muyeso wa mtunda wautali kwambiri wa m'thambo), kuchulukitsa ka 7 poyerekeza ndi la masiku ano. Sanali munthu wamphwayi, chingwe chake choyezera mtunda ndicho chinali cholakwika. Mbali ina ya vutolo anaiulula Walter Baade mu 1952, ataona kuti nyenyezizo zili mitundu iwiri. Kenako Allan Sandage anaumirira pa 50, Gérard de Vaucouleurs pa 100, n'kukangana zaka zambiri. Gulu la Wendy Freedman mu 2001 linapeza 72, pakati pa awiriwo.

Mkangano umene waulowa iweyo ndi mdzukulu wa umenewo. Setilaiti ya Planck mu 2018 inapereka 67.4, pamene gulu la Adam Riess mu 2022 linapeza 73. Chimene chinandigwira mtima powerenga n'chakuti Planck sinayeze kufutukuka kwa lero mwachindunji. Inaona kuwala kumene kunatuluka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 380,000, ndipo nambala ya lero imawerengetsedwa potsatira chiphunzitso chija chofotokoza mmene chilengedwe chilili, chimene mumachitcha Lambda-CDM. Ndiye kuti cholakwa chikhoza kukhala m'chingwe choyezera, chikhozanso kukhala m'chiphunzitsocho. Telesikopu ya James Webb itayang'ananso ma Cepheid, zotsatira zake zinagwirizana ndi za telesikopu ya Hubble. Koma Freedman, poyezera nyenyezi zikuluzikulu zofiira, mu 2019 anapeza 69.8. Akuluakulu enieniwo mlanduwu sanaugamule. Nanga iwe ukadula milalang'amba yako kuti isangalatse mbali imodzi, udzakhala wathandiza ndani?

Usathamangirenso kulengeza kuti wagwetsa chiphunzitsocho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yamba wakayikira chingwe chako: bwerera ku muyeso woyambirira, uone fumbi la m'mlengalenga ngati silinaphimbe kuwala, uwerengerenso ndi njira ina. Ngati pali milalang'amba yoyeneradi kuchotsedwa, lamulo lochotsera ulilembe usanaone kumene yankho lipendekere. Unandiuza wekha kuti magulu oyeza kaunjikidwe ka zinthu m'thambo, monga KiDS ndi DES, amadzibisira dala zotsatira mpaka atamaliza kukonza njira zawo. Anthu ophunzira choncho akuopa mtima wawo womwe, ndipo akuchita bwino.

Pita kwa aphunzitsi ako sabata ino ndi nambala zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Ukachedwa kumaliza ndi miyezi ingapo, ife tidzadikira, mbuzi ya chikondwerero siithawa. Ukalankhula nawo undiimbire, ndimve zimene anena.

Ndine,
bambo ako