Chilengezo: Tidzakumbukira Tenzing Norgay pa 29 Meyi

Mamembala nonse a gulu lathu lokwera mapiri, tikukuitanani kumsonkhano pa 29 Meyi, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse. Tidzakambirana za moyo wa Tenzing Norgay.

Patsikuli mu 1953, iye ndi Edmund Hillary anakhala anthu oyamba kufika pansonga pa phiri la Everest. Tenzing anayamba ngati wonyamula katundu mu 1935, paulendo wa Eric Shipton, ndipo anapita kuphirili kasanu ndi kamodzi osafika pamwamba. Mu 1952 anatsala pang'ono, ali ndi Raymond Lambert, koma mphamvu zinawathera. Hillary analandira ulemu wa Sir, Tenzing anapatsidwa mendulo yotchedwa George Medal, ndipo kusiyana kumeneku kumandiwawa mpaka lero. Kuyambira 1954 ankaphunzitsa achinyamata kukwera mapiri ku Darjeeling m'dziko la India, komwe anamwalirira mu 1986.

N'chifukwa chake taitananso abale athu amene amatinyamulira katundu ndi kutilondolera njira ya ku Sapitwa, kuti adzatiuze okha za ntchito yawo. Chonde aliyense abwere ndi kangachepe kothandizira thiransipoti yawo, ndipo amene sabwera adziwitse mlembi pasadakhale.