Ethanol mu injini ya rotary: yambani mwawerengera mainjekita ndi pampu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi amakaniko komanso eni galimoto za Mazda RX-7 amene akufuna kuwonjezera mphamvu ya injini n'kumayendera ethanol wambiri, uja amamutcha E85. Ethanol si mlendo kwathu kuno. Ku Dwangwa adayamba kumupanga mu 1982, PressCane ya ku Chikwawa idatsatira mu 2004, ndipo petulo amene timagula amakhala wosakaniza kale. Koma kusakaniza pang'ono n'kwina, kuthira magawo 85 pa 100 n'kwinanso, makamaka mu injini ya rotary.

Injini ya rotary ya mu RX-7, yotchedwa 13B, m'malo mwa mapisitoni ili ndi marota awiri a nsonga zitatu, ndipo pansonga iliyonse pali kachitsulo kotseka presha kotchedwa apex seal, kochindikala mamilimita 2 okha. Mafuta akapereŵera turbo ili mkati mopopa, moto umaphulika nthawi isanakwane, kachitsuloko kamathyoka, zidutswa zake zimakanda nyumba ya rota n'kukathera m'mapiko a turbo. Injini ya mapisitoni nthawi zina imagogoda n'kukukhululukirani. Rotary sichenjeza kawiri. Choncho ndalama yoyamba isapite ku turbo yaikulu, ipite ku mafuta, ndipo kugulako kuyambire papepala.

Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, pomwe E85 amangofuna 9.8. Ndiye kuti pa mpweya womwewo muyenera kuthira malita ochulukirapo ndi magawo 35 mpaka 40 pa 100. Rotary nayonso ndi yaludzu chibadwire, chifukwa chipinda chake choyakira moto n'chachitali ndi chopyapyala, kutentha kumatayikira m'makoma. Ochuna mainjiniwa amawerengera makilogalamu pafupifupi 0.41 a E85 pa hosipawa imodzi pa ola. Tinene kuti mukufuna mahosipawa 500 pa injini. Amenewo ndi makilogalamu 205 pa ola. Lita imodzi ya E85 imalemera makilogalamu 0.78, ndiye tapeza malita 263 pa ola, kapena ma cc 4,380 pa mphindi. Injekita, kachipangizo kothira mafuta mu injini, siyenera kukhala chitsegukire kuposa magawo 80 pa 100 a nthawi yake, choncho gawani ndi 0.8: mukufunika ma cc pafupifupi 5,500 pa mphindi. RX-7 ya mtundu wa FD, imene idapangidwa kufikira 2002, idatuluka m'fakitale ndi mainjekita awiri a ma cc 550 pa mphindi ndi awiri a 850, onse pamodzi 2,800. Limeneli ndi theka chabe.

Wina anena kuti 80 n'kuchita mantha, poti pa injini zina amafika 90. Taonani nthawi. Pa injini ya mapisitoni injekita imathira kamodzi shafiti ikazungulira kawiri. Pa rotary imathira paulendo uliwonse. Pa 8,000 rpm (maulendo 8,000 pa mphindi) ulendo umodzi umatenga mamilisekondi 7.5, pomwe mnzake wa mapisitoni ali ndi 15. Injekita iliyonse imataya pafupifupi milisekondi imodzi magetsi atafika koma singano isanatseguke. Pa rotary kutayako kumachitika kawiri kuposa pa injini inzake, ndiye mpata wotsala ndi wochepa kuposa momwe nambala ya pakompyuta ikuonetsera.

Ma cc 5,500 aja musawagawe mofanana pa mabowo anayi. Mainjekita awiri oyamba ndiwo amagwira ntchito injini ikamangolira galimoto itaima (idle) komanso poyenda m'tauni. Awiri achiwiri amaloŵa ECU, kompyuta yoyendetsa injini, ikaona kuti katundu wakula. Oyambawo ikani a 1,050, achiwiriwo a 1,700, ndipo nambala yakwana ndendende. Mukaika a 2,000 ngati oyamba, pa idle amafunika kutseguka kanthawi kochepetsetsa komwe sathira mofanana ulendo ndi ulendo. Injini imanjenjemera, mapulagi amanyowa, ndipo m'maŵa wa mu June, pamene ethanol amavuta kale kusanduka nthunzi, mudzaliza sitata mpaka batire kutha. Amene akudutsa mahosipawa 600 ndi bwino awonjezere mainjekita ena awiri pa manifolodi kusiyana n'kukulitsa oyamba aja.

Pogula, funsani zinthu zitatu. Kodi m'kati mwake ndi mwachitsulo chosachita dzimbiri? Ethanol amakoka madzi a mumpweya, ndipo ena mwa mainjekita akuluakulu otchipa adapangidwira gasi, osati zamadzimadzi. Galimoto ikakhala mwezi osalira singano imagwira. Kodi pali tebulo losonyeza kuchedwa kwake kutseguka pa mavoti ndi presha zosiyanasiyana? Makampani ngati Injector Dynamics amapereka tebulo limeneli, ndipo popanda ilo wochuna amangolota. Chachitatu, yezani ma ohm: a 12 ndi a 2 kapena 3 sayendetsedwa mofanana, ECU yanu iyenera kugwirizana nawo. Dziwaninso kuti mainjekita a FD amalandira mafuta cham'mbali, pomwe amakono amalandira pamwamba, ndiye njanji zonse ziwiri, mapayipi ogawira mafuta ku mainjekita, zisinthidwa.

Pa pampu m'pamene ambiri amagwa, chifukwa amakhulupirira nambala yolembedwa pa katoni. Nambalayo amaiyeza pa presha yotsika, chakuma bar 3, ndi mavoti 13.5. Regulator yanu, kachipangizo kolamulira presha, imakweza presha ya mafuta molingana ndi ya turbo: bar 3 zoyambira kuphatikiza 1.5 za turbo ndi 4.5, tisanawerengere zotayika m'mapayipi ndi m'fyuluta. Presha ikamakwera, pampu imatulutsa zochepa. Walbro 255, pampu ya malita 255 pa ola imene amakaniko ambiri amaikonda, yapereŵera kale pa malita 263 aja turbo isanayambe n'komwe. Onjezerani magawo 25 pa 100 osungira, ndipo mukufuna malita pafupifupi 330 pa ola pa bar 4.5 mpaka 5. Walbro 450 ya nambala F90000267, yopangidwira E85, pa presha imeneyo imatsikira chakuma 350. Yakwana, koma pafupifupi palibe chotsala. Kupitirira pamenepo ikani mapampu awiri, yachiwiri iziyatsidwa ndi ECU turbo ikayamba kupopa, kuti mafuta asamangozungulira n'kumatentha m'thanki.

Ena mainjekita akachepa amakweza presha yoyambira kuchoka pa bar 3 kufika pa 4. Phindu lake ndi magawo 15 pa 100 okha, koma pampu mwaikankhira pa bar 5.5 pomwe ikutopa kale. Mwakonza kutsogolo, mwagumula kumbuyo.

Pampu yotere imadya maampeya opitirira 15, ndipo waya wakale wa m'fakitale amadya mavoti panjira. Kokani waya wa 6 mm² kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi ya maampeya 30 ndi relay yakeyake, waya wakale uja angotsala woyatsira relay. Yezani mavoti pa pampu penipeni injini ikulira. Payipi yopita ikhale ya saizi -8AN, yobwerera -6AN, zonse za PTFE (pulasitiki wosaonongeka ndi ethanol), pamodzi ndi regulator yaikulu, chifukwa yaing'ono imalephera kubweza mafuta pa idle ndipo presha imakwera yokha. Kapayipi ka m'kati mwa thanki kakhale ka mtundu wa SAE J30R10, wopangidwira kumira m'mafuta. Labala wamba akamira amafufuma n'kuphulika. Fyuluta ya sefa yachitsulo ya mamayikoroni 100 ikhale poloŵera mafuta mu pampu, ya 10 potulukira, koma osati yapepala. Ethanol amatsuka litsiro lonse la zaka zambiri m'thanki, choncho fyulutayo itseguleni pakatha mathanki awiri oyamba. Wothamanga m'makona aike kathanki kakang'ono ka malita 2, chifukwa thanki ikatsika mafuta amathawira mbali imodzi pampu n'kumeza mpweya.

Oyilo amene mumathira m'thanki kuti afeŵetse ma apex seal ayenera kukhala wosungunuka mu ethanol. Wamba wa injini za 2-stroke amatha kulekana n'kutseka fyuluta. Muyeseni kaye m'botolo loonekera, agone usiku. Ambiri amathira mamililita 8 pa lita.

Ngakhale ku America, mafuta ogulitsidwa pa dzina la E85 amaloledwa kukhala ndi ethanol kuyambira 51 mpaka 83 pa 100. Wosakaniza yekha kuno akumbukire kuti petulo wake ali kale ndi ethanol, ndiponso kuti sipiriti wa 96 pa 100 ali ndi madzi. Sensa ya Continental yoyeza kuchuluka kwa ethanol, imene imatumiza 50 Hz pa petulo yekha ndi 150 Hz pa ethanol yekha, imathetsa kulota kumeneku. Ikaninso sensa ya presha ya mafuta. Pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, presha ya mafuta kuchotsera ya turbo izikhala bar 3 mpaka pa rpm yomaliza, ndipo lambda, nambala imene imakwera mafuta akamachepa mumpweya, isakwere kupitirira 0.80. Uzani ECU kuti kusiyana kwa mapresha kuja kukatsika ndi theka la bar, idule moto nthawi yomweyo.

Wowerenga wanu,
Limbe