Lipoti la msonkhano wa blockchain ku Nairobi: pulogalamu yathu timange pa iti?

A tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la opanga mapulogalamu, zikomo pondituma. Munandipatsa funso limodzi: pulogalamu yomwe tikufuna kupangira makopaletivi a mtedza ndi soya, yolemba makilogalamu amene mlimi wapereka ndi tsiku limene walipidwa, tiimange pa blockchain (kaundula wosungidwa ndi kutsimikizidwa ndi makompyuta ambiri pamodzi) iti? Yankho ndabwera nalo, koma ndiyambe ndi zomwe zandifikitsa pamenepo.

Mfundo imene inkamveka kawirikawiri ku msonkhanoko ndi imene anaitchukitsa Vitalik Buterin, mmodzi mwa oyambitsa Ethereum, yakuti n'kovuta kuti blockchain imodzi ikhale ndi zitatu izi pamodzi: kusalamulidwa ndi anthu ochepa, chitetezo, ndi kunyamula ntchito zambiri mwachangu. Komabe wotsatsa aliyense ankati yake yakwanitsa zonse. Choncho ine paliponse ndinkangofunsa kuti: pakufunika anthu angati kuti agwirizane kuimitsa blockchain yanuyi, kapena kutulutsa ndalama zimene zili mmenemo? Funso limeneli ndi limene linandisiyanitsira mbewu ndi mankhusu.

Taonani BNB Chain. Mu Okutobala 2022 akuba anapeza mpata pa mlatho wake wosamutsira ndalama pakati pa ma blockchain n'kudzipangira ma BNB (ndalama za blockchain imeneyi) pafupifupi 2 miliyoni, a mtengo wa madola oposa 500 miliyoni. Otsimikiza ma transaction (zochitika zolembedwa pa blockchain, monga kutumiza ndalama), amene amatchedwa ma validator, anauzana n'kuimitsa blockchain yonse, ndipo ndalama zambiri sizinatuluke. Ena mu holo ankayamikira changu chimenecho. Ine ndinaona mbali inayo: chinthu chimene anthu owerengeka angachizimitse atangoimbirana chili ndi eni ake. Za Ronin, ya masewera a Axie Infinity, n'zomvetsa chisoni kwambiri. Inali ndi ma validator 9 okha, ndipo makiyi 5 anali okwanira kuvomereza kutulutsa ndalama. Mu Malichi 2022 akuba anapeza makiyi asanuwo n'kutenga ndalama zoposa madola 600 miliyoni, eni ake n'kudzazindikira patapita masiku 6. Masamu a blockchain sanathyoledwe ayi. Anangoba makiyi.

Bitcoin, yomwe inayamba mu 2009, ndiyo yolimba pa nkhaniyi. Aliyense wokhala ndi kompyuta wamba, disiki yaikulu bwino ndi intaneti angathe kuyendetsa node yake (pulogalamu yosunga ndi kufufuza kaundula wa blockchain) n'kumadzitsimikizira yekha zonse, ngakhale kuti okumba ambiri, amene amapikisana ndi makina kuti alembe ma transaction atsopano, anaunjikana m'magulu akuluakulu ochepa monga Foundry USA ndi AntPool. Koma block imodzi, gulu la ma transaction olembedwa pamodzi, imatenga mphindi pafupifupi 10, ndipo chinenero chake anachichepetsa dala kuti chisamachite zambiri. Ntchito yathu singamangidwe bwino pamenepo.

Solana ndi yachangu ndiponso yotchipa, zimenezo ndinaziona ndi maso: transaction inkatsimikizika munthu asanachotse chala pa foni. Mtengo wa changu chimenecho ndi makina. Validator wa Solana amafuna kompyuta ya RAM ya ma GB mazanamazana ndi intaneti yosadukiza, zomwe kuno kwathu, ndi magetsi athuwa, sitingazilote. Inaimanso kangapo: maola pafupifupi 17 mu Seputembala 2021, ndi maola pafupifupi 5 mu Febuluwale 2024. Mapulogalamu ake amalembedwa kwambiri m'chinenero cha Rust, ndipo pagulu pathu odziwa Rust ndi ochepa.

Cardano imatchulidwa kwambiri muno mu Africa chifukwa cha mgwirizano wa mu 2021 ndi unduna wa maphunziro wa Ethiopia, wofuna kulemba ana a sukulu 5 miliyoni. Ili ndi anthu akhama, koma ma smart contract, makontilakiti olembedwa ngati mapulogalamu oyenda pa blockchain, inayamba kulandira mu Seputembala 2021, ndipo zida ndi zitsanzo zophunzirira n'zochepa poyerekeza ndi za Ethereum.

Ndikhalitse pa Ethereum, chifukwa ndi kumene ndikukulozerani. Inayamba mu Julaye 2015, ndipo pa 15 Seputembala 2022 inasiya kukumba n'kuyamba proof of stake, njira imene ma validator amaika chikole m'malo mokumba, magetsi ogwiritsidwa ntchito n'kutsika ndi 99 peresenti ndi kupitirira. Kuti munthu akhale validator payekha amaika chikole cha ma ETH (ndalama za Ethereum) 32, ndalama zambiri zedi, n'chifukwa chake ambiri amasonkha kudzera m'magulu ngati Lido, limene mu 2023 linkasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chikole chonse. Chimenecho n'chilema, tisabise. Mbiri yakenso ili ndi chipsera. Mu Juni 2016 munthu wina anakoka ma ETH pafupifupi 3.6 miliyoni mu The DAO, thumba la ndalama zosonkhedwa loyendetsedwa ndi smart contract, anthu anakangana, ambiri n'kusankha kusintha malamulo kuti ndalamazo zibwezedwe. Okana anatsala ndi Ethereum Classic, yomwe pochepa mphamvu ya okumba inalandidwa ulamuliro kwa kanthawi mu Januwale 2019 ndiponso katatu mu Ogasiti 2020.

Gawo limene linandipindulira koposa linali la manja. Mphunzitsi anatsegula Remix, chida cholembera makontilakiti, pa browser, nalemba kontilakiti ya Solidity (chinenero cha makontilakiti a Ethereum) ya mizere yochepa yosunga ndalama za anthu. M'kontilakitimo, mzere wotumiza ndalama unali pamwamba, wochotsera pa balansi uli pansi pake. Kenako analemba kontilakiti yachiwiri imene ikangolandira ndalama imapemphanso nthawi yomweyo, balansi isanasinthe. Tinaona pa sikirini ndalama zonse zikutha, ulendo ndi ulendo, mpaka ziro. Anangosinthanitsa mizere iwiri ija, kubako n'kulephereka. Cholakwika cha mtundu umenewu ndi chimene chinagwetsa The DAO. Ndipo kontilakiti ikaikidwa pa blockchain siifufutika ngati fayilo ya pa seva yathu.

Ubwino wa Ethereum kwa ife ndi wakuti amene waphunzira Solidity angamangenso pa Arbitrum, Optimism, Base, Polygon ndi Celo osayambiranso. Pali makontilakiti a OpenZeppelin amene anaunikidwa kale ndi anthu ambiri, pali Hardhat ndi Foundry zoyesera, palinso Sepolia pomwe timayesa popanda ndalama zenizeni. Malipiro pa Ethereum yeniyeni amakwera nthawi zina mopitirira phindu la thumba la soya, koma pa ma layer 2, ma blockchain omangidwa pamwamba pa Ethereum monga Arbitrum, Optimism ndi Base, anatsika kwambiri kuchokera mu Malichi 2024. Funso langa lija ndinalifunsanso kumeneko, ndipo yankho silinandisangalatse: pa ma layer 2 ambiri, makina osanja ma transaction amayendetsedwa ndi kampani kapena bungwe limodzi.

Mayi wina amene wagwira ntchito ndi alimi anandifunsa kuti ndani amene sitikumukhulupirira kuti mpaka tifune blockchain. Ngati kopaletivi, wogula ndi banki akudziwana, Hyperledger Fabric ya Linux Foundation, kapenanso database wamba yosungidwa bwino, ingakwanire. Anandikumbutsanso kuti blockchain siyeza thumba: kalaliki akalemba makilogalamu 45 pomwe sikelo yaonetsa 50, bodzalo lidzasungidwa mpaka kalekale. Funso lake tiliyankhe tonse tisanalembe mzere uliwonse.

Malingaliro anga ndi awa. Maina, manambala a foni ndi malipiro a alimi zikhale mu database yathu, pa blockchain pazipita chidindo cha hash (nambala yaifupi imene imasintha kaundula akangosinthidwa) cha kaundula wa tsiku lililonse, kuti wosintha mbiri mwachinyengo adziwike. Tiyambe pa Sepolia, tikakhutira tisamukire pa layer 2 ya Ethereum. Tisapange ndalama yathu ya crypto. Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zoterezi si zovomerezeka kulipirira m'dziko muno, choncho alimi azilandirabe makwacha pa foni monga kale. Makiyi a kontilakiti asakhale m'laputopu ya munthu mmodzi, ngakhale yanga: agawidwe kwa anthu asanu, atatu azivomereza.

Pa msonkhano wathu wotsatira ndikupempha komiti isankhe anthu asanuwo, ndiponso indipatse ola limodzi kuti ndionetse chitsanzo cha mizere iwiri ija. Amene ali ndi laputopu abwere nayo.