Musayatse kaye pulojekita ya malemu bambo

Dedza, 14 Julaye

Achimwene,

Kuno tili bwino, kungoti chisanu chatipana. Kaya inu ndi alamu ku Johannesburg konko?

Mwati mukabwera pa Khirisimasi mukufuna ana aone mafilimu ali m'bokosi la malemu bambo ku Bembeke. Ganizo ndi labwino, koma musathamangire kuyatsa pulojekita, makina oonetsera mafilimuwo. Makina akawonongeka amakonzedwa, koma filimu ikang'ambika mulibe kokagula ina.

Yambani mwawerenga kachitsulo ka kumbuyo kwa makinawo. Magetsi athu ndi a 230V. Ngati palembedwa 110V kapena 120V, pafunika thiransifoma, apo ayi babu ndi mota zipsa pompo. Onaninso mtundu wa filimu. Ya 8mm ili pawiri: yakale ya 1932, ndi Super 8 imene kampani ya Kodak inatulutsa mu 1965. M'lifupi n'zofanana, koma Super 8 ili ndi timabowo ting'onoting'ono m'mphepete, ndipo bowo la pakati pa wilo yake n'lalikulu. Mukaiika m'makina osakhala ake, mano amaiboola kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Tsegulani chivundikiro pulagi mutaizula ku magetsi. Malamba a mpira mudzawapeza atatamuka kapena atasungunuka ngati phula. Palani, muike atsopano a muyeso womwewo. Girizi wakale amauma gwa, ndiye mota imangolira osazungulira. Mupukuteni yense, mupake watsopano pang'ono pa magiya. Pomwe pamazungulira shafuti donthezani oyilo wa makina osokera, dontho limodzi basi. Oyilo wochuluka amakoka fumbi, mapeto ake amakafika pa filimu.

Malo ofunika kuposa onse ndi kakhomo kamene filimu imadutsa kuseri kwa galasi. Pamenepo pamaunjikana litsiro louma ngati nkhoko za m'poto, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kamakanda mzere filimu yonse, mzere wosafufutika. Sesani ndi kabulashi kofewa, kenaka pukutani ndi thonje lonyowetsa isopropyl (mtundu wa sipiriti wopukutira) ya 99%. Zokanirira muzichotse ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano, mpeni kapena sikuludiraiva ayi ndithu: chitsulo chikakandika, nachonso chizikanda filimu iliyonse. Galasi muyambe mwaliuzira fumbi musanalipukute. Babu wa halogen musamugwire ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amamupsetsa msanga.

Tsopano mafilimuwo. Tsegulani chitini chilichonse mununkhize. Chonunkha viniga ndiye kuti filimu yayamba kuwola yokha: imafota, imapindika, timabowo sitigwirizananso ndi mano. Matendawa alibe mankhwala, ndipo mpweya wake umafulumizitsa kuwola kwa zinzake. Yoteroyo muipatule, musaiike m'makina. Ntchito yake ndi ya akatswiri osamutsira zithunzi pa kompyuta, ndipo kwanuko mungawapeze mosavuta kuposa kuno.

Yabwinobwino muikulunge pamanja kuchoka pa wilo ina kupita pa inzake, mukuidutsitsa mopepuka m'kansalu kosatuluka ulusi konyowa pang'ono ndi isopropyl yomweyo. Pitani pang'onopang'ono kuti iziuma isanapindike, ndipo muzisintha mbali ya kansalu. Madzi ayi, sipiriti wofiirira uja ayinso. Ngati m'mphepete muli kamzere kabulauni ka mawu, yesani kaye kumapeto, poti mankhwala ena amakamatula. Zala zizimva polumikizira pakale ndi pong'ambika. Pomatuka gwiritsani tepi yake yolumikizira filimu; selotepi imatuluka zomata n'kumanga mpukutu wonse.

Poyesa makina, yambani ndi filimu yosafunika kwenikweni. Siyani kakhota komasuka ka filimu pamwamba ndi pansi pa kakhomo kaja. Chithunzi chikayamba kunjenjemera ndi phokoso la khwakhwakhwa, kakhotako kathina: zimitsani msangamsanga. Kawilo ka mamita 15 kamatha mphindi zitatu kapena zinayi, choncho dzanja lisachoke pa switchi.

Za kasungidwe, kuzizira kwa ku Bembeke n'kothandiza, vuto ndi chinyezi cha nkhungu ndi dzinja, chimene chimabweretsa chuku. Ndauza achemwali anu achotse bokosilo pansi pa simenti, komanso lisakhale kufupi ndi malata otentha a mu Okutobala. Zitini za dzimbiri tidzazisintha.

Pobwera mugule isopropyl, tepi yolumikizira ndi mababu awiri. Nambala ya babu ndi muyeso wa malamba ndikutumizirani pa WhatsApp ndikakafika kumudziko Loweruka.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Dedza