Wicca si ufiti umene timaudziwa kwathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa zithunzi zomwe abale akhala akunditumizira pa WhatsApp, zoonetsa azungu atayima mozungulira makandulo m'nkhalango, pamwamba palembedwa kuti "afiti a ku Ulaya ayamba kutamba masana". Ndili kuno ku England, kumene ndimasamalira okalamba, ndipo mnzanga wina wa kuntchito, mayi wachikulire ndithu, ali m'chipembedzo chimenechi cha Wicca. Tsiku limene anandiuza kuti iwo ndi "witch", kutanthauza mfiti, tiyi anandizirira m'kapu. M'mutu mwanga munali lichero louluka usiku ndi kudya maliro. Mayiwo anangoseka.

Chipembedzochi si chakale. Anachitchukitsa ndi Gerald Gardner, Mngelezi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Ceylon (lero Sri Lanka) ndi ku Malaya (lero mbali ya Malaysia). Iye ankati gulu lina lachinsinsi la ku New Forest, dera la kummwera kwa England, linamulowetsa mu 1939, koma akatswiri ambiri a mbiri sakhulupirira zoti miyamboyi inachokera kwa makolo amakedzana monga ankanenera. Britain itachotsa lamulo lakale lokhudza ufiti mu 1951, Gardner anatulutsa buku mu 1954, ndipo mayi wina, Doreen Valiente, ndiye anakonza mapemphero awo ambiri. Kalembera wa mu 2021 anapeza anthu pafupifupi 13,000 a Wicca ku England ndi Wales.

Ambiri amalambira milungu iwiri: wamkazi, amene amamuyerekeza ndi mwezi, ndi wamwamuna wa nyanga, wa m'nkhalango. Kwathu kungotchula nyanga anthu amasuntha mpando, koma izi ndi zonga za mbawala basi, ndipo Satana iwo samukhulupirira n'komwe. Amakumana mwezi ukakhwima, ndiponso ali ndi zikondwerero zisanu ndi zitatu pachaka zotsata nyengo. Popemphera amalemba mzere wozungulira, naitanira mphepo, moto, madzi ndi nthaka kumbali zinayi. Amanyamula kampeni kotchedwa athame, kongolozera, kosadulira kanthu. Za matsenga amachitadi, sindibisa: amayatsa kandulo, kumanga mfundo pachingwe, kupempha kuti wodwala achire kapena ntchito ipezeke. Lamulo lawo lalikulu limati chita zimene ukufuna bola usapweteke wina, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chimene wachita chimakubwerera katatu.

Chomwe chinandikhudza ndi cha pa 31 Okutobala, tsiku lomwe amalitcha Samhain. Mnzangayu amayika mbale ya chakudya ndi chithunzi cha malemu mayi ake pathebulo, n'kukhala chete. Ndinakumbuka agogo anga akuthira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo.

Ine ndine Mkhristu, ndipo sindikuitanira aliyense kumeneko. Pempho langa kwa atolankhani n'lakuti polemba za anthuwa muziwatchula kuti a Wicca. Mawu akuti mfiti kwathu ndi mlandu, munthu sadzitcha yekha.

Ulendo wina mayiwo anandifunsa kuti afiti kwanu amatani. Ndinawauza za nkhalamba zotenthedwera nyumba, zina kuphedwa kumene, mwana akangomwalira mwadzidzidzi m'mudzi. Anagwira kanyenyezi ka nsonga zisanu kamene amavala m'khosi, osayankha. Kuyambira tsiku limenelo, pamaso panga sanadzitchulenso dzina lija.

Wowerenga wanu,
ku Leeds