Kwa mwana wanga amene wayamba kufufuza milandu ku Mchinji

Mwana wanga,

Poti akuika ku CID, nthambi ya polisi yofufuza milandu, ndati ndikulembere za ola loyamba pamalo pomwe pachitikira mlandu, chifukwa umboni wambiri umafera pomwepo.

Udzapeza anthu atadzaza kale. Pempha amfumu mwaulemu kuti awasunthe, zinga malowo ndi chingwe, olowa onse adutse njira imodzi. Jambula usanakhudze kanthu. Popondapo phazi ujambule uli pamwamba penipeni, rula ili pambali.

Mdani wa magazi ndi chinyezi. Chovala chamagazi chiume pamthunzi, osati padzuwa, kenaka chilowe mu envulopu yapepala, chilichonse pachokha. Ukachimangira m'jumbo chimachita nkhungu ndipo DNA, chizindikiro cha m'thupi chosiyanitsa munthu ndi mnzake, imawonongeka, makamaka dzinja lino. Sintha magolovesi ukamachoka pa chinthu china kupita pa china, ndipo usayankhulire kapena kutsokomolera pamwamba pake. Malovu ako nawonso ali ndi DNA.

Mphutsi usanyansidwe nazo, ndizo zimathandiza kudziwa kuti munthu wamwalira liti. Ntchentche zobiriwira zimafika pamtembo m'mphindi zochepa n'kuikira mazira m'maso, m'mphuno ndi m'mabala, ndipo kukatentha amaswa pasanathe tsiku. Tola zikuluzikulu, ndizo zoyamba kuswa. Theka uziphe m'madzi otentha pafupifupi madigiri 80 kwa masekondi 30, kenaka uziike mu spiriti wa 70 mpaka 80 peresenti. Ukaziponyamo zamoyo zimakwinyika, ndiye wozipima amanamizidwa ndi kutalika kwake. Theka linalo lisunge lamoyo m'botolo lolowa mpweya, ndi kachidutswa ka chiwindi. Lembanso mmene malowo akutenthera, poti mphutsi zimakula msanga kukatentha.

Nsapato za woganiziridwa usazikutumule. Makande a kudambo la Bua safanana ndi katondo wa kumunda, ndipo chisoso chokakamira pathalauza chimaulula kumene munthu wadutsa. Tapa dothi pamalo a mlandu ndi lina chapatali kuti akatswiri akayerekeze ndi la kunsapatozo. Koma dothi limangonena kumene nsapato yaponda, silinena amene wapha. Pamenepa usamangire munthu mwaphuma.

Wogwiriridwa umuuze mofatsa kuti asasambe, asachape zovala, ndipo afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge HIV.

Envulopu iliyonse uimate, usaine podutsa pomatapo, ulembe tsiku, nthawi, malo ndi dzina la aliyense woilandira. Dzina limodzi likasowa, loya adzafunsa kuti inagona kuti.

Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.